Ndowa ya Kumbuyo

Chaka chimene ufa unayamba kugulidwa ndi makuponi, nawo mpope wa ku Kanyama, mu Lusaka, unaphunzira ulesi. Unkatulutsa madzi ola limodzi m'mawa, kenako n'kutsokomola ngati nkhalamba, n'kukhala chete mpaka mawa lake. Nanga ndani akanadikira pamenepo, ntchito zili mbwee kunyumba? Ndiye amayi anali ndi lamulo lawo: ndowa ndiyo munthu. Ukasiya yako pamzere, pita ukasese, palibe woikhudza.

Palibe, kupatula Kapembwa, mlonda wa chipani amene anadzilonga yekha ufumu wa pampope. Munthu wake womutola anali Magdalene, mayi wamasiye amene bambo ake anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito m'mapulazi. Magdalene anabadwira mu Lusaka momwemo, koma kwa Kapembwa zimenezo zinali zopanda ntchito.

"Balendo ni kumbuyo!" ankatero tsiku ndi tsiku, n'kuimenya theche ndowa ija.

Kumbuyoko madzi sankafikako. Magdalene ankakatunga pachitsime chapafupi ndi zimbudzi, ndipo mwana wake Elina, wa zaka zinayi, anali atatsegula m'mimba sabata yathunthu. Anamwino anamuuza mosapsatira kuti mwanayo akapitiriza kumwa madzi amenewo, amuika m'manda. Makala owiritsira madzi nawo, ha, mtengo wake unali wosayamba. Amayi anzake ankaona zonsezi n'kuyang'ana kumbali, chifukwa Kapembwa ankatha kukufufutitsa dzina pa makuponi.

Lachinayi lina ndowa ya Magdalene inali yachitatu. Kapembwa anafika akutafuna nzimbe, ndiye theche! Ndowa inagubuduka mpaka m'mbali mwa ngalande. Magdalene sanalire, anali atatopa moti ndi misozi yomwe inamukana. Anaitsatira ndowa yake, n'kukhala pansi pambali pake.

Maud, wogulitsa zitumbuwa, anali woyamba pamzere. Anamuyang'ana mnzakeyo nthawi yaitali. Kenako anausa moyo, n'kunyamula chigubu chake, n'kukachiika kumbuyo kwa ndowa ija.

"Ba Kapembwa, talema naimwe," anatero Maud, osakuwa n'komwe. "Ngati uyu ni wa kumbuyo, ine nili kumbuyo kwake."

Virginia anatsatira, Eneless nayenso anatsatira. Wina ankadandaula kuti zovala za ana zadetsedwa, koma ankapitabe. Mzere wonse unasamukira kungalande, Magdalene ali patsogolo pake.

Kapembwa anathamangira komweko, theche lina! Ndowa inakagwera pansi pa mtengo wa mango. Amayi ananyamulanso zawo mwakachetechete, n'kukandanda kumbuyo kwake.

Pamenepo mpope unayamba kutulutsa madzi. Mayo ine, madzi oyera bwinobwino akungothera pansi! Aliyense zinamuwawa, koma palibe anasuntha.

"Tapani manzi, imwe vipuba!" anakuwa Kapembwa, kuwanena kuti ndi zitsiru. "Nizakulembani maina monse!"

"Lembani," anayankha Eneless. "Muyambe na langa, mulidziwa."

Pampope panali patatsala ndowa imodzi yokha, yobiriwira, yolembedwa dzina la Kapembwa ndi penti. Mwini wake anali Hilda, mkazi wa Kapembwa, amene anali ataima chapatali mwana ali kumsana. Anayenda pang'onopang'ono, koma ndowa yakeyo anaipitirira. Anakatenga ya Magdalene, n'kudzaitchera pampope.

Madzi ankalowa pamwamba n'kutulukira pansi. Matheche aja anali ataing'amba.

"Bashi Nkole, onani nchito yanu," anatero Hilda kwa mwamuna wake, pomutchula kuti bambo a mwana wawo, mawu ake otopa. "Naimwe muli na mwana."

Anachotsa yong'ambikayo n'kutchera yake. Itangodutsa theka, mpope unatsokomola kawiri, basi. Amayi makumi awiri anatsala ndi ndowa zouma.

Magdalene anachita manyazi kwambiri. "Ba Maud, nanga vitumbuwa vanu lero?"

"Vitumbuwa sivimwalira. Thamangani, mukampatse mwana."

Hilda anamusenzetsa. Magdalene anadutsa pamaso pa Kapembwa, dzina la bamboyo lili pamutu pake, akuyenda mosamala kuti lisatayike ndi dontho lomwe. Kapembwa anangoyang'ana nzimbe yake.

Amayi aja anandandikanso ndowa zawo zouma kudikira mawa. Maud anatola mwala n'kuuika patsogolo penipeni, pafupi ndi mpope, poti Magdalene analibenso ndowa yomuimira pamzere.