Dzungu Lomwe Linasanduka Kamba

Zaka makumi anayi ndinkajambula mapulani a milatho, mizere yowongoka yokhayokha. Ndiye nditakalamba chonchi, aphunzitsi athu a kalasi yopenta makhadi, Mayi Hoshikawa, akundiuza kuti burashi ndiigwire kunsonga kwenikweni, chigongono m'mwamba. Dzanja linkangonjenjemera.

"Lisiyeni linjenjemere, Bambo Tabuchi. Pang'onopang'ono. Maso akhale pa dzungulo, osati pakhadi."

M'kalasi mwawo malamulo ndi awiri: osayamba ndi pensulo, ndipo khadi lomwe wapenta ulitumize kwa munthu tsiku lomwelo, kaya lakongola kaya laipa. Lachiwirili ndi lomwe linandikokera kumeneko. Pakona pathu pali Mayi Okabe, amasiye, ogulitsa tofu, chakudya chopangidwa ndi soya. Ndagula kwa iwo zaka zisanu ndi chimodzi, koma ndikafika pakauntala lilime limauma gwa. Ndimawakonda mayi amenewa, ndibisirenji.

Ndinaliyang'anitsitsa dzungu la m'munda mwangalo mpaka kuiwala kuti mawondo akundiwawa. Sindinkadziwa kuti dzungu lili ndi tizigwa ndi timadontho tambiri chonchi! Koma inki inalowerera m'pepala n'kufalikira, utoto wobiriwira unatulukira m'mbali.

Genzo wometa, amene amakhala pambali panga, anasuzumira. "Akulu, chimenechi chagundidwa ndi basi?"

"Penta anyezi wakoyo, iwe!"

Pambali pa chithunzicho ndinalemba kuti: Chakula, ndekha sindingachimalize. Ndinalemba adiresi ya Mayi Okabe, ndinamata sitampu, ndinaponya m'bokosi lofiira la makalata. Masiku anayi ndinkazungulira njira ina kuti ndisadutse pakona paja.

Lachisanu m'mawa, khadi! Analemba ndi dzanja lawo: Zikomo chifukwa cha kamba. Koma chonde musamudye, amabweretsa moyo wautali. Ndimatseka 4 koloko, mubwere naye ndimuone.

Kamba? Ine, amene ndinajambula milatho! Ndinathamangira kwa Genzo ndi masilipasi, ndinamupeza akumeta kasitomala.

"Ayankha! Akuti ndibwere naye!"

Genzo anawerenga, anaseka mpaka anaika lumo pansi. "Ndiye kamba mukamutenga kuti, akulu? Pitani mukaulule. Koma khalani kaye pampandopa, simungapite ndi tsitsi limenelo."

4 koloko ndinali pakhomo pawo, dzungu m'manja. Mawu ndinali nditawakonza njira yonse.

"Mayi Okabe, pepani, si kamba. Ndi dzungu. Kujambulaku ndangoyamba kumene, ndiye..."

Anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

"Bambo Tabuchi, mwandiona ngati mwana? Ndikanalemba kuti zikomo chifukwa cha dzungu, bwenzi mutabwera? Lowani msanga, madzi awira kale."