Zikhomo Zoyenda Zokha

"Zayendanso!" anakuwa a Mackson, tcheyamani wa chipani m'dera lathu, akuloza pansi ndi ndodo yawo. "A Jailos, kapitawo ndinu. Kodi zikhomo zimamera miyendo?"

"Kuno ku Mulanje n'kovuta, bwana tcheyamani," ndinayankha. "Mvula yake ikagwa, ngakhale mpini wa khasu umaphuka masamba."

Sanaseke. Dzulo lake tinali titakhoma zikhomo zopaka laimu mumzere wowongoka, kuchokera pa mapeyala akale mpaka kumtsinje. M'mawa uwo mzerewo unali utapindika ngati chikwakwa, kulambalala kachigwa kachinyontho ka pansi pa mikuyu. Mabowo a dzulo anali atakwiriridwa bwinobwino, n'kupondedwa. Ndipo aka sikanali koyamba.

Malowo anali munda wa kuchikazi kwanga. Anaugwira ndi agogo a mkazi wanga Lines atathawa Apwitikizi, nthangala za mapeyala atazimanga pansalu, ndipo mbumba yonse inabadwira pomwepo m'tsinde mwa phiri. Ine ndinali mkamwini chabe, khasu la eni ake. Koma m'chaka cha 1978 a khonsolo anati malowo akhale paki, kuti okwera phiri la Chambe ndi a m'maesiteti a tiyi azipumirapo. Masiku amenewo chitukuko chikagogoda sunkafunsa kuti ndani. Amalume a Lines anawomba m'manja, tinasamukira kutsidya kwa mtsinje, ndipo ine, poti ndinkadziwa mzere uliwonse wa mundawo komanso ndinaonako mapaki ku Joni, anandipatsa ukapitawo wolambula tinjira ta anthu oyenda opanda kopita.

Aganyu anga anali atayamba kale kunong'ona za mizimu ya m'phiri. Wina ankalumbira kuti dzuwa lili paliwombo anamva khanda likulira pamikuyupo. Ndinamuuza kuti ndi m'mimba mwake mukulira nandolo, koma ine mwini podutsapo ndinkafulumiza miyendo. Mphepo ya pamenepo inkazizira ngati ya m'chitsime, ndipo nkhuyu zinkawolera pansi popanda mbalame yozitola.

"Wozula chikhomo cha boma wazula boma," anatero a Mackson. "Mawa ndibwera ndi ayufi. Tikam'peza, abale ake aiwale dzina lake."

Masana ndinapeza Lines akusenda chinangwa pakhonde. Ndinakhala pafupi n'kumayang'ana manja ake. M'ming'alu ya zikhato ndi m'mbali mwa zikhadabo munali moyera.

"Mayi, mwayamba liti kupaka laimu? Zipupa zathu n'zadothi."

Anabisa manja m'chitenje.

"Mwamva zimene anena a Mackson? Mizimu sangaimange. Amanga inu."

"Andimange."

"Chifukwa cha kachigwa ka zitsamba? Tinasiya mapeyala, tinasiya nanazi, manda a agogo anawatchinga ndi waya, inu chete. Pamikuyu pali chiyani?"

"Si za amuna."

Anatolanso mpeni, koma sanasende. Kenaka, maso ali pa chinangwacho, anati, "Makasu anu amalowa kwambiri, bambo."

Apo m'pamene ndinakumbukira. Popita ku migodi ndinasiya Lines ali ndi pakati. Pobwera, nditanyamula shawelo ndi tizipewa taubweya m'sutikesi, apongozi anandiuza atandifulatira, monga mwa ulemu, kuti ulendo uja unapita padera. Kwathu nthayo siiliridwa, siipatsidwa dzina, siipita kumanda a akuluakulu. Amayi okhaokha amakaiika pamalo achinyontho, m'dzenje losaya, poti likazama mayiyo sadzaberekanso. Mwamuna safunsa, ndipo sauzidwa. Zaka zonse zimene ndinalima mundawo apongozi ankati pamikuyu ndisagwetsepo khasu, ati nthaka yake ndi yowawasa. Ine n'kumavomera, n'kumawaseka mumtima kuti sadziwa dothi.

Dzenjelo liyenera kuti linali losaya ndithu. Komabe Lines sanaberekenso.

M'mawa mwake a Mackson anafika ndi ayufi ovala malaya ofiira, ndodo zili m'manja. Anandipeza ndikulimbitsa zikhomo mumzere wokhota uja, ndikuimba mluzu.

"Wakuba wanu ndi uyu, bwana tcheyamani," ndinatero ndikudziguguda pachifuwa. "Ndimazula ndine."

Ayufi anasendera. Ndinafulumira kupitiriza.

"Ndimafuna muone kaye ndi maso, poti mkamwini akalankhula amati wakhuta. Bwana, ku Joni ndinayenda m'mapaki a azungu mpaka nsapato kutha. Njira yowongoka mulibe. Yowongoka ndi ya ife amphawi, yothamangira kuchipatala. Munthu wokhuta amafuna njira imuzunguze, aiwale kumene wachokera. Akabwera alendo a ku Blantyre n'kupeza mzere ngati wa mbatata, adzati tcheyamani wa kuno sanayende."

"Ndani sanayende?"

"Ndi zomwe ndikukana inezo. Taimani apa. Tayang'anani uko."

Ndinawaimika pakati pa chigongono cha njirayo. Mwamwayi nkhungu inali itayalula, ndipo thanthwe la Chambe linaima poyera, lonyowa, likunyezimira. A Mackson analiyang'ana ngati aliona koyamba, chonsecho anabadwira pansi pake.

"Maganizo amenewa ndinali nawo kale," anatero. Kenaka analoza ndodo pansi pa mikuyu. "Ndiye pamthunzipo mukumbe, muzike benchi. Alendo azikhala."

Ndinavomera ndi mutu.

"Zabwino kwambiri, bwana. Linthumbu la pamenepo lakhala likudikira matako a ku Blantyre. Tikulembani dzina pabenchipo, kuti akamavula mathalauza azidziwa womuthokoza."

Myufi wina anaphulika kuseka, anzake n'kumutsatira. A Mackson anatsokomola, nati benchi ikhale kumtsinje, ndipo pamikuyu padzalidwe mpanda wa minga kuti ana asalumidwe. Mpandawo ndinadzala ndekha, ndi chala, osati khasu.

Pa tsiku lotsegulira paki kunabwera a DC, ana a sukulu ndi azungu angapo a nsapato zazikulu. Amayi a m'mudzi anavala nsalu za chipani n'kutsogolera alendo m'kanjira katsopanoko, akuimba ndi kuwomba m'manja. Ine ndinali pambuyo, chipewa chili pamutu, ndikuwauza ayufi mabodza a ku Joni.

Atafika pokhota paja, nyimbo inatsika. Panalibe amene anailetsa. Inangotsika yokha, ngati mmene amachitira munthu polowa m'nyumba mogona mwana. Apongozi anga anadutsa chonyang'ama, alamu anga chimodzimodzi, ndi amayi ena amene sindinkawaganizira n'komwe. Alendo onse maso anali ku Chambe, akujambula. Palibe mayi ngakhale mmodzi amene anayang'ana phirilo.

Ndinamupeza Lines atatsalira pang'ono.

"Anali mwamuna kapena mkazi?" ndinanong'ona.

"Yendani, bambo, anthu akuona."

Anapitirira. Koma ndisanachotse maso, ndinaona dzanja lake likupita kumbuyo, pamsana pamene panalibe kanthu koma nsalu ya chipani, n'kuyamba kusisita pang'onopang'ono, mpaka njira inawongoka.