Manyazi a Bambo Moosa

Jestina anali namwino pa wodi ya odwala sitiroko pachipatala china ku Leicester. Mmawa wina akudutsa ndi mankhwala, anamva mawu kuseri kwa katani.

"Ndisiyeni. Ndati sindidya."

Anaima. Chinali Chichewa chenicheni, cha kummwera. Atasuzumira anaona nkhalamba ya Chimwenye ya ndevu zoyera itayang'ana kukhoma. Pambali panali mayi atagwira supuni, ndi dokotala atasowa chochita.

"Mwadzuka bwanji, bambo?" anatero Jestina.

Nkhalamba ija inatembenuka pang'onopang'ono. "Kwanu nkuti, mwanawe?"

"Ku Thyolo."

"Ine wa ku Limbe."

Mayi uja, Noorjahan, anafotokoza m'Chingerezi. Awa anali bambo ake, a Moosa, amene anachoka ku Malawi iye asanabadwe. Sitiroko inawagwira Lachisanu mumzikiti, ali pamzere wakutsogolo. Anagwa, nadzikodzera pamaso pa anthu. Potsitsimuka, Chingerezi chinali chitawathawa, ndi chiyankhulo cha makolo awo chomwe. Chinatsala ndi Chichewa cha paubwana, chimene Noorjahan sankachimva. Chigonekereni ankakana chakudya ndi alendo omwe.

Dokotala anapempha Jestina kuti awafunse chifukwa.

"Manyazi," anayankha a Moosa.

Jestina anauza dokotala kuti ndi "shame". Dokotalayo sanakhutire. Anafuna kudziwa kuti ndi "shame" yamtundu wanji, nayamba kutchula mawu ena. Noorjahan anati bambo ake angokhala "embarrassed", zitha zokha.

Jestina anakoka mpando. "Bambo, Azungu manyaziwa anawagawa. Pali 'embarrassed', aja oti waterereka pamsika, anthu aseka, mawa waiwala. Pali 'ashamed', pamene walakwa wekha mtima nkumakutsutsa. 'Humiliated' ndi pamene wina wakunyazitsa dala pagulu. Ndiye pali 'disgraced'. Apo anthu akuvula ulemu, dzina lako lafa iwe uli moyo."



"Omalizawo," anatero a Moosa. "Moyo wanga wonse ndapemphera kutsogolo. Lero akati Moosa, azikumbukira kapeti yonyowa."

Jestina atanena mawuwo m'Chingerezi, Noorjahan anatula supuni. Anayang'ana bambo ake ngati akuwaona koyamba, kenaka anatenga foni natuluka.

Nthawi yoonera odwala itakwana, Jestina anamva mapazi ambiri mukhonde. Anali amuna a kumzikiti amene Noorjahan anawaimbira foni, atavala mikanjo ndi tizisoti toyera, ena oyendera ndodo, ena ochokera kuntchito. Lamulo la pa wodi linali lolowa awiriawiri, choncho anafola mzere mpaka kukafika ku lifiti. Panalibe woyankhula. Aliyense ankalowa, nkugwira dzanja la a Moosa limene linafa ndi sitiroko, nkuliika pachipumi pake, nkutuluka. A Moosa poyamba anabisa nkhope. Kenaka anangoisiya poyera, misozi ikulowa m'ndevu.

Jestina anakulira mu mpingo wa CCAP, maliro ndi maukwati anaziona zambiri, koma zotere anali asanazionepo. Ngakhale odwala ena anatsitsa mawailesi awo. 

Womaliza anali mkulu wina wowerama msana, a Fazal, mnzawo wa ku Limbe konko. Chichewa chawo chinali chitachita dzimbiri, koma anachikoka chomwecho.

"Moosa, iwe unagwa uli kupemphera, chipumi pansi. Ife tonse timapempha Mulungu atipeze chomwecho. Malo ako sitinaikepo munthu. Ukabwera pa njinga ya odwala, tikukankha mpaka kutsogolo."

 Pakamwa pa a Moosa, popotoka ndi sitiroko, panayamba kunjenjemera, ndipo Jestina anaganiza kuti alira kachiwiri. Koma kunali kuseka.

"Fazal," anatero, "Chichewa chako chaola."

Madzulo omwewo a Moosa anamwa tiyi ndi buledi. Jestina atabwera kudzawayeza BP, anamugwira dzanja namufunsa ngati ku Limbe kudakagwa chiperoni, ndipo sanamusiye mpaka anawafotokozera msewu wonse wochokera ku Thyolo, malo ndi malo.