Ulendo wothera pageti

Adokotala ananena mosabisa kuti diso lamanzere la bambo linali litapita kale, ndipo lamanja silidzafika chaka chamawa. Ali m'njira kubwerera kunyumba, mwana wamkazi anafunsa bambo ake chimene ankafuna kuona maso akadalipo.

"Njovu," anatero bambowo.

Mwanayo sanadabwe. Bambo ake anagwira ntchito zaka makumi atatu ngati dalaivala wa kampani yonyamula alendo kupita nawo kumalo osungirako nyama zakutchire. Mwanayo anangoti mumtima, munthu akufuna kukatsanzikana ndi anzake akale. Anapempha tchuthi cha masiku asanu kuntchito, mwamuna wake n'kuvomera kuyendetsa galimoto.

Loweruka masana anakhala atatu patebulo la pabalaza. Bambo anatulutsa mapu akale, omatidwa ndi selotepi m'mopinda monse. Mkamwini anaika foni yake pambali pa mapuwo.

"Chotsani icho," anatero bambo. "Foni imadziwa mlatho umene umasefukira?"

"Imadziwa, apongozi."

"Ndiye ikakukankheni mukatitimira."

Mkamwini anaseka n'kuibweza m'thumba. Mwana anatenga kope ndi cholembera, poti bambo sankathanso kuona mizere. Iwo anatsamira pampando, natseka maso, nayamba kunena ngati akuwerenga.

Ankadziwa zonse. Ankadziwa pomwe phula limathera, pomwetsera mafuta posathira madzi, phiri lofuna giya yachiwiri, ndi mudzi umene mbuzi zake zimagona pakati pamsewu. Lolemba akafika pageti la malo oyamba teni koloko, n'kunyamuka hafu teni. Lachiwiri geti lina, lam'mbali mwa mtsinje, kufika naini, kunyamuka hafu naini. Mwana ankangolemba. Ndondomekoyo pofika pa Lachisanu, anali atalemba malo asanu ndi awiri.

Anawerenganso tsambalo kuchokera pamwamba, akutsata ndi chala. Kenako anaika cholembera pansi.

"Bambo, nanga nyamazo tikaziona nthawi yanji?"

"Bwanji?"

"Paliponse mwatipatsa theka la ola. Kufika, kunyamuka. Kufika, kunyamuka."

"Theka la ola n'lokwana. Kutsitsa zikwama, kuona oyilo, kumwa madzi."

"Apongozi," anatero mkamwini, "ndife katundu kodi? Mukukatitula?"

Bambo anatsegula maso. Anapapasa mapu ndi dzanja, kuwongola pamene panali powongoka kale. Kunja munthu wogulitsa matsache anadutsa akuitanira malonda, mpaka mawu ake anazimirira.

"Ife tinkathera pageti," anatero. "Alendo ankatsika n'kukwera galimoto ya m'katimo, yopanda denga ija. Ine n'kutembenuka kukatenga ena. Ndi mmene ntchito inalili."

"Zaka zonse zija simunalowepo?" anafunsa mwana.

"Ndilowe kukatani? Galimoto ya kampani ndiisiyire ndani?"

"Koma paja munkatisimbira za njovu tili ana. Kuti ikakwiya imakupiza makutu."

"Ankanena alendo pobwerera. Amalankhula kwambiri anthu aja akaona njovu. Ine makutu ndinali nawo. Ndowe zake ndinaziona kambirimbiri pamsewu. Tsiku lina zinali zikufuka nthunzi."

Mkamwini anafuna kuseka koma anaona nkhope ya mkazi wake, n'kuyamba kukanda chibwano.

Mwana anang'amba tsambalo bwinobwino motsata mzere, nalipinda. Anatsegula lina loyera.

"Pa mageti onsewa, ndi liti limene alendo ankatuluka akukamba za njovu kwambiri?"

Apa bambo sanachedwe. "Lam'mbali mwa mtsinje. Makamaka nyengo ino, madzi akaphwa kwina konse. Ankatuluka fumbi lili m'tsitsi, pakamwa posatsekeka."

"Tikagona kumeneko masiku anayi."

"Anayi? Malo amodzi? Nanga ena asanu ndi amodziwo?"

"Mageti awo munawaona kale."

Bambo anapukusa mutu ngati munthu amene waona mafuta akutayika, koma sanatsutse. Mwana analemba tsiku ndi nthawi yofika. Pamzere wotsatira anayembekezera, cholembera chili m'mwamba.

"Tikalowa, tidzayambira mbali iti?"

"Kumeneko usandifunse, mwanawe," anatero bambo. "Siyapo malo. Tikafunsa eni ake."

Mwanayo anasiya mizere inayi yopanda kanthu, n'kutumiza mwamuna wake kukaona ngati tayala lapadera linali ndi mpweya.