Laisensi ya a Dalaivala

Amene anawalakwira a Dalaivala ndi mwana wawo woyamba, amene ndi namwino, ndipo anawalakwira chaka chatha mvula itangoleka. Anabwera Loweruka m'mawa atanyamula shuga ndi sopo, n'kunena kuti, "Adadi, laisensi yanu yatsala pang'ono kutha. Ndipatseni ndikakukonzereni, musakavutike pamzere." Munthu amene anayendetsa malole zaka makumi atatu osapha ngakhale mbuzi anatulutsa khadi m'chikwama n'kupereka ndi manja ake. Kuchokera tsiku limenelo nkhani inangokhala ya makompyuta a ku ofesi. Lero afa, mawa kulibe magetsi.

Chaka chilichonse misewu ikauma, a Dalaivala ndi akazi awo ankanyamuka pa pikapu yawo yakale, ulendo wa masiku anayi, kudutsa m'midzi ndi m'timatauni momwe bambowa ankatsitsa simenti kale. Sankapita kwa m'bale aliyense. Ankangoyenda, kugona m'maresitihausi, kumva amene wamwalira, kuona amene wamanga sitolo. Ulendowu anauyambitsa okha atapuma pa ntchito, ndipo unali usanalepherekepo.

M'mawa wa tsiku lonyamuka a Dalaivala anathira madzi mu injini, kuyeza oyilo, kumanga katundu. Atalowa m'nyumba kukatenga makiyi pa msomali, sanawapeze. Anali m'manja mwa akazi awo, pamodzi ndi khadi latsopano lonyezimira, pachithunzi pali mayiwo atavala duku la Lamulungu.

"Ichi n'chiyani, amayi?"

"Laisensi yanga, abambo."

"Akupereka kukwaya masiku ano?"

Miyezi isanu ndi iwiri, Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse, mayiwa ankatuluka ndi buku la nyimbo kukhwapa, a Dalaivala n'kutsala akuwayang'anira mphika pamoto. Kwaya yake inali sukulu yoyendetsa galimoto kuseri kwa msika, ndipo amene anawalembetsa anali namwino yemweyo.

"Mwana akuti maso anu sali bwino," anatero mayiwo. "Munagunda geti."

"Geti lija mmisiri analiika mokhota. Ndinamuuza."

"Nanga njinga ya aphunzitsi?"

"Anaiimika pamsewu ngati pakhonde pa amayi awo."

"Ndiye mupita, kapena nditsitse katundu? Opanda pepala simugwira chiwongolero. Apolisi a pamsewu mukuwadziwa."

A Dalaivala anakwera mbali imene kale ankakhazika onyamula simenti.

Tsiku loyamba sanayankhule china kupatula giya. Mayi ankagwira chiwongolero ngati mwana wa eni ake wodwala, ankaimbira hutala nkhuku ili patali ngati phiri, injini n'kumalira ikupempha giya yachitatu iwo osamva. Pa katauni ka pa mlatho, wokonza matayala amene anawadziwa zaka zambiri anathamangira pawindo la dalaivala dzanja lili m'mwamba, n'kupezapo duku. Anazungulira galimoto pang'onopang'ono.

"Mwapeza bwana watsopano, madala? Akukusungani bwino?"

Anthu amene anakhala pabenchi anaseka. Mayinso anaseka. Tiyi wa pamenepo, amene ankamwa chaka ndi chaka, a Dalaivala anamusiya akuzizira.

M'mawa wa tsiku lachiwiri anachita monga ankachitira masiku a lole. Anazungulira galimoto ndi sipanala akugogoda tayala lililonse, khutu lili pafupi. Atatu anayankha bwino. La kumbuyo linalira mogontha ngati dzungu lowola.

"Ili lavulala mkati. Tisinthe tisananyamuke."

"Dzulo pothira mafuta paja anayeza ndi makina, anati onse ali bwino."

"Makinawo ali ndi makutu?"

"Kusukulu anatiuza kuti zogogodazo ndi zachikale."

"Wokuuzaniyo anabadwa ine nditatha kale malole awiri."

Mayi analiza injini.

Tayalalo linaphulika masana, pamsewu wafumbi, pakati pa minda yokolola kale, mudzi uli kutali. Galimoto inayamba kuvina. "Osaponda buleki," anatero a Dalaivala. "Gwirani molimba, isiyeni itope yokha." Kwa nthawi yoyamba paulendowo mayi anamvera, ndipo galimoto inakaima m'mphepete mwa ngalande. Mayi anakhala momwemo manja ali pachifuwa.

A Dalaivala anatsika osanena kuti ndinakuuzani. Anatchinga matayala ndi miyala, kuika thabwa pansi pa jeke, kumasula manati galimoto isanakwere, n'kumawaponya m'chipewa. Nati imodzi inagwera m'fumbi. Anaifufuza ndi chikhatho nthawi ndithu, mpaka mayi anatsika n'kuitola pafupi ndi bondo lawo.

"Ndinaiona," anatero a Dalaivala powalanda.

Anamanga tayala la sipeya, manati mopingasa monga zimafunikira, maondo akuwawa, malaya atanyowa kumsana. Atasamba m'manja ndi madzi a m'chigubu anakaima pachitseko cha dalaivala n'kutambasula dzanja.

"Kuno kulibe wapolisi. Mpaka pa tauni yotsatira basi. Miyendo yanu ikunjenjemera, mukuiona nokha."

Mayi anayang'ana makiyi, anayang'ananso msewu wopanda munthu. Dzanja lawo linali litayamba kusuntha pamene foni inalira m'chikwama. Anaitsegula mokweza, monga ankachitira nthawi zonse, n'kuiika pakamwa ngati buledi. Anali namwino uja.

"Amama, muli pati? Adadi sanagwire chiwongolero, eti?"

"Sanagwire. Tayala linaphulika, koma zatheka."

"Musawamvere chisoni. Akayamba kulalata muzingoti eya, atopa okha."

A Dalaivala anatsomphola foniyo.

"Iwe, laisensi yanga ili kuti?"



"Makompyuta aja, adadi..."

"Usandipusitse. Ndinakuphunzitsa unamwino ndi ndalama za chiwongolero chimenechi. Unalowa pakhomo panga ndi shuga kudzandibera masanasana, amayi akowa akundiimbira nyimbo zabodza. Ngati maso anga afa, bwanji sunanditengere kwa dokotala akandiuze yekha? Ndine mwana ine?"

"Mukanakana kupita."

"Unandifunsa?"

"Ili m'kabati mwanga, adadi, ndipo ikhala momwemo. Apatseni amama foni."

Mayi analandira foni, anatsanzikana ndi mwana wawo motsitsa mawu, n'kukhala pampando wa dalaivala. Anatsegula chitseko cha mbali inayo kuchokera mkati.

"Kwerani, abambo, dzuwa likupita. Tayala mwamanga bwino."

Anayenda masiku awiri otsalawo, kudutsa pa chigayo chakale, pa depoti imene inasanduka tchalitchi, pa chitunda chimene a Dalaivala anatsikapo ndi matumba mazana atatu mabuleki atafa. Mayi anachitsika ndi giya yoyamba, akupemphera chamumtima. Anafika kunyumba Lachisanu madzulo.

Laisensi ija inathera m'kabati mwa namwino. Mpaka lero sanaibweze, kwa dokotala sanawatengere, kupepesanso sanapepese.