Mphindi Ziwiri za Faifi

Ine ndine nesi, ndipo ndikaweruka ndimafuna chinthu chimodzi basi, kuvula nsapato. Koma kwa masabata atatu athunthu, ndikangolowa m'nyumba ndinkayamba ndagwada m'khitchini, kutolera chakudya cha galu pansi pa firiji. Munthu wamkulu ngati ine, yunifolomu ili m'thupi, kukwawa chifukwa cha galu. Abale, zinanditopetsa.

Galuyo ndi wa bambo anga. Iwo anagwira ntchito zaka zambiri pa kampani ina ya alonda, ndipo mbali yawo inali yosamalira agalu. Atapuma anabwera kudzakhala ndi ine, atanyamula sutikesi imodzi ndi galu mmodzi wokalamba amene kampani inati watha ntchito. Dzina analibe. Kumeneko agalu ankaitanidwa ndi manambala a makola awo, ndiye ameneyu ndi Faifi mpaka lero. Ndi wamkulu, wakuda, kukamwa kwachita imvi, ndipo miyendo yakumbuyo imanjenjemera akamadzuka.

Kadyedwe ka Faifi kanali kochititsa manyazi. Mbale ikangofika pansi, iye kukamwa yasa, katatu kokha, yatha. Kutafuna sankakudziwa. Kenako kugeya, nthawi zina kusanza pakhomo la bafa pomwe ine ndimadutsa wopanda nsapato. Ndinkangoti ndi umbombo.

Lamlungu lina masana mimba yake inatupa n'kulimba gwa. Ankayesa kusanza koma kunkangotuluka dovu. Tinamunyamula pa bulangete mpaka kwa dokotala wa ziweto, amene anamuchita opaleshoni tsiku lomwelo. Atatuluka, dokotalayo sanazungulire.

"Chifu chinadzaza mpweya n'kupotokola," anatero. "Akamameza chakudya chothamanga amamezera limodzi ndi mpweya. Lero wapulumuka. Zikachitikanso sindingamutsegule kachiwiri, mtima wake sungapirire. Ayenera kuphunzira kudya pang'onopang'ono."

Anatipatsa mbale ya pulasitiki yobiriwira. M'kati mwake munali timakoma tokhotakhota, kuti chakudya chizilowa m'tingalande, galu azichitola ndi lilime. Bambo anaitembenuza uku ndi uku.

"Mbale yokhala ndi misewu," anatero. "Ndiye galuyu azifuna laisensi kuti adye?"

Ndinaseka, poti tsiku limenelo ndinali ndidakali ndi mphamvu zosekera.

Ndinene pano kuti kudyetsa Faifi inali ntchito yokhayo imene bambo anatsala nayo m'nyumba muno. Zina zonse ndinawalanda ndine. Chitofu ndinawaletsa ataiwala poto pamoto mpaka chogwirira kusungunuka. Kusesa ndinawaletsa chifukwa cha msana. Kupita okha kugolosale ndinawaletsa atagwa pa masitepe. Koma nthawi ya galu ikakwana ankadzuka okha pa sofa, malaya atapisira, n'kutenga kapu yawo yoyezera. Pamenepo sindinkalowererapo.

Tsiku loyamba Faifi anailumphira mbaleyo monga mwa masiku onse, mphuno n'kugunda pa timakoma tija. Anabwerera m'mbuyo, anaiyang'ana, kenako anaiponda m'mphepete. Gubudu! Timibulu ta chakudya mbwee khitchini yonse, iye n'kumatola pansi mwaliwiro kuposa kale. Tsiku lachiwiri ndinaipanikiza pakona ndi njerwa ziwiri. Anayamba kuluma pulasitikiyo, ndipo tinapeza magazi pa timakoma, usinini utang'ambika.

Ndinaimbira dokotala uja ndili pa nthawi yopuma ku ntchito, tiyi akuzizira m'manja. Anati tinyowetse chakudya ndi madzi ofunda. Tinanyowetsa. Anati tiziika chochepa, kanayi pa tsiku. Tinagawa kanayi. Anatinso mwini wake azikhala pafupi kuti galu asachite mantha ndi chinthu chachilendo. Bambo atamva zimenezo anakondwa, ankaima pambali pa mbale kanayi pa tsiku osaphonya.

Zinthu zinangoipiraipira. Faifi ankalimbana ndi mbale ija ali wefuwefu, kumeza mpweya womwe tinkauthawa uja. Tsiku lina ankangoima chinjenjemerere, osadya n'komwe. Nthiti zinayamba kuonekera. Madzulo aliwonse ndinkamugwira pamimba monga ndimachitira ndi odwala anga.

"Nesi, bweza mbale yakale," anatero bambo tsiku lina. Amandiitana choncho chiyambire tsiku limene ndinavala yunifolomu.

"Mukufuna timukwirire?"

"Nanga njala siipha?"

Tonse tinali kunena zoona, ndipo n'zimene zinkandipsetsa mtima.

Lachinayi la sabata yachitatu ndinali pa ofu, nditagwira masiku asanu ndi limodzi osapuma. Achimwene anga anabwera kudzawatenga bambo kuti akayezetse kuthamanga kwa magazi, ndiye chakudya cha masana chinagwera ine. Ndinathira, ndinaika pakona, kenako ndinangodzigwetsa pansi n'kutsamira kabati, poti miyendo inali itakana. Sindinayankhule kanthu. Kunena zoona ndinalibenso nazo ntchito, adye asadye.

Faifi anayang'ana chitseko. Anayang'ana mbale, kenako chitseko kachiwiri. Anaima choncho nthawi yaitali mpaka ine maso anayamba kulemera. Ndiye ndinamva thupi lake likukhala pansi. Nditatsegula maso ndinaona wagona, mbale ili pakati pa miyendo yakutsogolo, lilime likutsata kangalande kamodzi. Anatola kambulu. Anakukuta. Zaka ziwiri ndikukhala ndi galu ameneyu, ndinali ndisanamvepo mano ake akugwira ntchito. Anadya pafupifupi mphindi khumi ndi zisanu, n'kunyambita mbale, n'kuusa moyo. Ine misozi inangotsika yokha. Kaya chinali chimwemwe kaya kutopa, sindikudziwa.

Bambo atabwera ndinawathamangira pakhomo. "Watha mbale yonse! Chogona, bambo, mpaka kutafuna!"

"Zoona? Tione madzulo ano."

Nthawi itakwana anayeza chakudya, anaika mbale pansi, anabwerera m'mbuyo mapazi awiri. Anaima chilili, miyendo atatangadza pang'ono. Anatembenuza dzanja lamanzere n'kuyang'ana wotchi.

"Idya!"

Faifi anagwera pa mbale ngati wamenyedwa. Mano pa pulasitiki, njerwa kusuntha, kupuma kwa wefuwefu kuja. Ine ndinali kuyang'ana bambo, osati galu. Kaimidwe kameneko ndakaona moyo wanga wonse, n'chifukwa chake sindinakaganizirepo.

"Bambo, pa wotchipo mukuyang'ana chiyani?"

"Palibe. Chizolowezi chabe."

"Chizolowezi cha chiyani?"

Anakanda m'mutu. "Kuntchito kuja agalu anali khumi ndi awiri, wowadyetsa ndine ndekha, ndipo galimoto yokawatula m'malo olondera sinkadikira munthu. Ndiye ndinkawapatsa mphindi ziwiri. Zikakwana, wezulo, mbale zonse kuchotsa. Wosamaliza aonana nacho mawa." Analoza Faifi ndi chibwano. "Uyu anabwera ali kamwana. Sabata yoyamba anagona ndi njala katatu. Kenako anagwira. Anali wochenjera kuposa onse, mphindi imodzi sinkatha n'komwe."

Anayamba kunena monyadira, koma mawu omalizawo anatuluka otsika.

"Zaka zingati?" ndinafunsa.

"Zisanu ndi zinayi. Koma kuno sindinamuchotserepo mbale, Nesi. Ngakhale tsiku limodzi."

"Iyeyo akudziwa zimenezo? Akangoona inu akuona mphindi ziwiri. Takhala tikuvutika ndi njerwa, madzi ofunda, ine kukwawa pansi pa firiji, chonsecho vuto si mbale. Amene mukumupha galuyu ndinu!"

Ndikatopa pakamwa panga pamathamanga kuposa mutu. Mawuwo atangotuluka ndinafuna kuwameza, koma anali atafika kale. Bambo anawerama movutikira n'kuyamba kutola timibulu tomwe tinamwazika, kamodzikamodzi, n'kumaika m'dzanja.

Sanagonje msanga, ndipo ine sindinawaletse. Lachisanu m'mawa anavula wotchi n'kuisiya pamwamba pa firiji. Faifi analuma mbale chimodzimodzi. Masana anakoka mpando n'kukhala, manja ali pa maondo. Galu anawayang'anitsitsa, dovu likugwa, osakhudza chakudya, kudikira lamulo. Bambo anayesa kufewetsa mawu.

"Idya, mwana wanga. Palibe akukuthamangitsa."

Faifi anangomva liwu loyambalo. Zina zonsezo sizinamufike.

Loweruka madzulo anakwanitsa kugubuduza mbale ngakhale panali njerwa, n'kumeza theka la chakudyacho tisanamugwire. Patapita kanthawi ndinamugwira pamimba ndipo panali polimba. Ndinakhala naye pansi ola lathunthu, dzanja lili pamimba pake, foni ili m'dzanja linalo, nambala ya dokotala ili poyera. Bambo anaima pakhomo la khitchini osalowa, maso ali pa dzanja langalo. Kenako Faifi anageya kawiri, mimba inafewa, anagwedeza mchira ngati palibe chachitika. Ndinadzuka n'kukasamba.

M'mawa mwake ndinawapeza m'khitchini atavala kale, malaya atapisira. Anayeza chakudya ndi kapu yawo, anathira madzi ofunda, anadikira kuti chifewe. Anachiyala ndi chala m'tingalande tonse mosamala, kuti pasakhale podzaza kwambiri. Atamaliza anainyamula mbaleyo ndi manja awiri n'kundipatsa.

"Kaike ndiwe."

"Bambo, Lachinayi lija ndinalankhula molakwika."

"Unalankhula mokalipa. Kulakwa sunalakwe. Kaike."

Anatuluka khomo lakumbuyo n'kutseka chitseko. Ndinamva akukhala pa sitepe, pang'onopang'ono chifukwa cha msana uja.

Ndinaika mbale pakona n'kukhala pansi. Zinandiwawa, sindinama. Chitofu, tsache ndi golosale ndinachita kuwalanda. Ntchito iyi anandipatsa okha, ndipo ndi imene inandipweteka kuposa zonsezo.

Faifi anayang'ana chitseko nthawi yaitali. Ananunkhiza m'munsi mwake, anabwerera, anazungulira kamodzi n'kugona. Lilime linalowa m'kangalande. Kukukuta kunayamba.

"Akudya?" Mawu anachokera kuseri kwa chitseko, otsika kwambiri.

"Akudya."

"Wagona pansi?"

"Wagona."



"Zaka zonsezi sindinamuonepo akudya chogona."

"Zungulirani musuzumire pawindo, bambo. Katani ndi yotsegula."

"Ayi," anatero. "Angandione."