Mzere Wosalembedwa pa Thabwa la Ahedi

Kwa zaka khumi ndi chimodzi a Kalilu anayendetsa sekondale ya Akatolika ya m'mbali mwa nyanja ija, koma kalata iliyonse yochokera ku dayosizi inkawatchula kuti hedi wogwirizira chabe. Sukuluyo anaipeza ana akumwa madzi a m'nyanja, okhoza mayeso a Fomu 4 akukwana pa benchi imodzi. Anakumbitsa mjigo, anamanga hositelo ya atsikana, anachotsa aphunzitsi awiri oledzera. Chimene sanachite n'chimodzi: kudalitsa ukwati wawo m'tchalitchi.

Akazi awo, a Bushra, anali Msilamu wa ku Boma. Anakwatirana pa chinkhoswe basi, ndipo bambo a Bushra anamwalira osamulankhulanso mwana wawo. "Ndinawakhumudwitsa kamodzi, n'kokwanira," ankatero a Bushra. "Kuguwa kwanuko sindikaimako." Choncho pa Misa a Kalilu ankatsala pa benchi anzawo akamakalandira Ukaristia, ndipo lamulo linali loti hedi weniweni akhale wolandira.

Lolemba lina, kutatsala sabata kuti hedi watsopano afike, Bambo Mfumu anabwera ndi Fakiri, wolemba zikwangwani wa kumsika, kuti alembe dzina la hediyo. Thabwa la mayina a ahedi analitsitsa pakhoma n'kuligoneka patebulo la a Kalilu, pamwamba pa mafayilo. Dzina lomaliza linali la wansembe amene anachoka mu 2013.

Fakiri anayeza ndi lula, kenaka anaima. "Nanga pakatipa, Abambo? Zaka zonsezi sukulu inkangoyenda yokha ngati bwato loduka chingwe?"

"Siyapo mzere umodzi, usalembepo kanthu," anatero Bambo Mfumu akuseka. Anatembenukira kwa a Kalilu. "Ndakulankhulirani ku dayosizi. Avomera kuti zinthu zikadzakonzeka kunyumba, dzina lanu lidzalowe pamenepa, ngakhale mutapuma kale."

"Zikadzakonzeka bwanji, Abambo?"

"Mayi akhoza kusintha maganizo. Apo ayi, Mulungu ali ndi nthawi yake. Munthu akatsala yekha amabwerera ku masakramenti popanda vuto." Anatsitsa mawu mwachifundo. "Ndamva kuti shuga ikuwasowetsa mtendere."

Ananena zimenezi ngati munthu amene wabwera ndi mphatso, ndipo ankayembekezera kuthokozedwa.

A Kalilu anayang'ana malo osalembedwawo. Ankawafuna, bodza ayi. Kangati anakhala pampando wawo akuwerenga zilembo za dzina lawo n'kuona kuti zikukwana bwino! Koma tsopano anaona aphunzitsi akulowa mu ofesiyo chaka ndi chaka, akuyang'ana mzerewo n'kumafunsana kuti kodi mayi aja akadalipo. M'mawa womwewo a Bushra anawasitira malaya atakhala pampando, chifukwa miyendo inali itatupa.

"Fakiri, kweza lula," anatero. "Dzina la atsopanowo ulilembe pansi penipeni pa la wansembeyo. Usasiye mpata."

"Musafulumire, a Kalilu," anatero Bambo Mfumu. "Mwayi uwu ndauvutikira."

"Ndikadali wogwirizira mpaka Lachisanu, Abambo, ndipo thabwali ndi katundu wa sukulu."

Fakiri anayang'ana uyu, anayang'ana uyo. "Ine ndi wa penti chabe, akuluakulu. Koma dziwani kuti wangayu akauma safufutika."

Anakweza lula, n'kuviika burashi m'chitini. Thabwa linkagwedezeka chifukwa cha mafayilo anali pansi pake, ndiye a Kalilu anaimirira n'kuligwira ndi manja onse awiri kuti zilembo ziwongoke.